Ufa Umene Unabwerera Pamoto

Ndagi!

Ndamumva "gize" wanuyo, ngakhale mwamunenera kukhosi. Nayitu: ndili ndi mano onse, dzuwa linkangondipatsa moni n'kumapitirira, atandigulula dzino, dzuwa linalowa m'nyumba mwanga n'kuyamba kuchapa. Ndine yani?

Musathamangire kundipatsa ng'ombe. Kwathu sitilandira ng'ombe ya munthu amene sanayambe wakanda mutu. Khalani bwino pamipandopo, yankho likubwera wapansi.

M'tauni ina ya m'tsinde mwa phiri munkakhala mayi wina wachitsikana amene ankagwira ntchito m'nyumba yofufuzira za sayansi. Anthu akwawo ankangomutchula kuti Dokotala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Udokotala wake unali wa miyala ndi maufa. Chiyambire sitandade wani, kope lake linalibe pofufuta. Nsapato zake zinalibe fumbi, m'tauni imene ngakhale mbuzi zimatsokomola nalo fumbi. Chinthu chikapindika pang'ono, iye tulo analibe mpaka atachiwongola.

Anamulera ndi azakhali ake, Anasibeko, mayi wamkulu thupi, wamkulunso mawu, amene ankatsogolera gulu la amayi khumi ndi awiri onyika nsalu. Amayiwa anali ndi shedi yawo kuseri kwa msika. Ankatenga nsalu yoyera, kuimanga mfundomfundo, kuiviika m'migolo ya utoto, ndipo poimasula inkatuluka ndi maluwa, mphete ndi nyenyezi. Manja a Anasibeko anali abuluu mpaka m'zigongono; sopo anawalephera kalekale. Ndi manja amenewo anamuphikira Dokotala phala, ndi manja omwewo anamuluka tsitsi tsiku lopita ku sekondale.

Koma utoto uli ndi mchira wake. Madzi otsukira nsalu ankatsikira mu ngalande, ngalande n'kukawatula m'kamtsinje, ndipo kumunsi kwa kamtsinjeko kunali dimba la bambo wina, a Kachingwe, pamodzi ndi abakha awo asanu ndi awiri, oyera ngati thonje.

M'mawa wina a Kachingwe anatulukira pashedipo atapanira bakha m'khwapa. Bakhayo anali wabuluu kuyambira pachifuwa mpaka kumchira.

"Anasibeko, ndakubweretserani kasitomala wanu," anatero. "Akuti mtundu waukonda, koma maluwa mwaiwala."

Amayi onse anafa nako kuseka. Anasibeko anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzisiyira mzere wabuluu patsaya.

"Watchenatu ameneyu, achimwene. Mutithokoze."

"Watchenadi. Nanga mpiru wanga ndizigulitsanso wabuluu? Anthu ayamba kuulambalala pamsika."

Kuseka kunathera pomwepo. A Kachingwe sanali munthu wa ndewu, koma mpiruwo ndiwo unkadyetsa ana awo. Sabata yomweyo kunabwera mkulu woona zaumoyo m'tauniyo. Anayang'ana ngalande, anayang'ana kamtsinje, nanena mwaulemu kuti pofika tsiku loyamba la Okutobala madzi otuluka pashedipo akhale atayera, apo ayi pachitseko padzakhala loko.

Anasibeko sanatekeseke. "Tili naye Dokotala wathu ife. Nanga tinamuphunzitsiranji?"

Ndipo Dokotala anali nalo yankho, monga mwa masiku onse. Ankadziwa kupanga ufa wina wa mtundu wa miyala imene asayansi amaitcha perovusikaiti. Dzinalo musalimbane nalo, lingakupindeni lilime. Chofunika n'chakuti ufa umenewu ukathiridwa m'madzi a utoto n'kuikidwa powala, umamwa kuwalako, ndipo ndi mphamvu ya kuwalako umaphwanyaphwanya utoto mpaka mtundu wake utatheratu. Ufawo sutha ayi. Umangodikha pansi, mawa n'kudzukanso kugwira ntchito.

Ndi ufa wosalala kuposa uliwonse umene munaugwirapo. Timbewu take chikwi titandanda pamzere, ndiye kufika pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ndipo m'kati mwa kambewu kalikonse muli dongosolo loti mutaliona mungavule nsapato. Muli timabokosi tosanjikizana, tofanana tonse. M'makona muli chitsulo china, pakati pali chitsulo chinanso, ndipo chapakaticho chazunguliridwa ndi tinthu ta okosijeni tisanu ndi kamodzi, kalikonse pampando wake. Bokosi pa bokosi, mzere pa mzere, ngati mzinda umene misewu yake anaiyeza ndi angelo. Munthu ukayamba kuganiza za mzinda umenewo, ndiwo zimapserera pamoto uli pomwepo.

Miyezi itatu Dokotala anapima, anasakaniza, anaotcha, anasefa. Zopangira ufawo zinachokera kutali ndipo zinabwera kamodzi kokha. Zina sizikanafika chaka chisanathe. Pamapeto pake anali ndi botolo limodzi lodzaza, lalikulu ngati lija la maswiti pagolosale. Ufa woyera mbee! Atauunika pa makina oonera m'kati, sanapeze mpando ndi umodzi womwe wopanda mwini wake. Anauyesa m'chipinda chake chogwirira ntchito: kapu ya madzi abuluu, kasupuni ka ufa, n'kuyatsa nyale yapadera ya m'labu, ya kuwala kolusa kumene maso saloledwa kukuyang'ana. Patangotha ola limodzi, madzi aja anali ngati a pampopi.

Amayi aja anali atamanga kale thanki la simenti panja pa shedi, lotambalala koma losaya, monga anawalangizira. Dokotala anafika atavala khoti lake loyera, botolo lili pachifuwa ngati khanda. Anasibeko atasuzumiramo anaimba nthungululu.

"Uwu ndiye ufa, amayi inu! Wapaukwati weniweni, osati mgaiwa. Mwana wa achimwene anga sagwira ntchito yachibwana."

Anathira ufa m'thanki, anatakasa ndi thabwa, n'kukhala pansi kudikira. Dzuwa linakwera. Dzuwa linafika paliwombo. Dzuwa linapendeka. Madzi ali buluu! Mwina anasintha pang'ono penipeni, ngati nkhope ya munthu wokwiya amene wangoyamba kuganiza zokhululuka, koma osafika pomwetulira.

A Kachingwe anabwera, anaviika chala, anachiyang'ana mbali zonse.

"Dokotala, kapena dzuwa lathu kuno ndi lachinyengo?"

"Musiyeni mwana," anatero Anasibeko. "Mankhwala sagwira tsiku lomwelo." Koma mawu awo anali atachepa.

Dokotala anadikira ufa udikhe, anautola wonse mosamala, anakautsuka ndi kuuumitsa. Kunatsala masiku asanu ndi anayi.

Kuntchito kwake kunali bambo wina wachikulire, a Zingani, amene ankayang'anira ng'anjo zootchera. Analibe digiri, koma anali atakhala pang'anjozo zaka makumi atatu, mpaka nsidze zawo zinaleka kumera. Masana ena anamupeza Dokotala atagwira chibwano, akuyang'anitsitsa botolo lake.

"Mayi, botololo silidzalankhula. Ndakhala nawo mabotolo ine."

"Pansi pa nyale unagwira ntchito, bambo Zingani."

"Pansi pa nyale. Nanga azakhali anu ali ndi nyale imeneyo?"

Apa Dokotala anawerama, chifukwa ankadziwa. Kuwala kolusa kwa nyale ija, m'dzuwa la panja kulimo pang'ono chabe, ngati mchere m'ndiwo. Kochuluka ndi kuwala wamba, kofatsa, kumene timaonera nako njira. Ndipo ufa wamphumphu sukumva kuwala kofatsako. M'kati mwake muli timphamvu togona, timene tiyenera kudumpha mtsinje waukulu kuti tikafike kuntchito. Kuwala kolusa kumatha kutiponya kutsidya kamodzin'kamodzi. Kuwala wamba kumatikankha, tiyang'ana mtsinje, n'kugonanso. Zonsezi iye anaziwerenga. Kungoti ankakhulupirira kuti ufa wake ukayera kopitirira, kuyerako kudzakwirira zonse.

"Munakwerapo minibasi yodzaza, mpaka kondakitala theka lake lili panja?" anafunsa a Zingani. "Ndani amasuntha m'menemo? Koma atsike mmodzi. Uyu afendera uku, uyo apuma, dengu lidutsa. Ufa wanuwu wadzaza, mayi. Tsitsanimo anthu angapo."

"Ndikudziwa mankhwala ake," anatero Dokotala chapansipansi.

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Sindikufuna."

Mankhwala ake anali awa: kuubweza ufawo pamoto. Kuutsekera m'paipi ya ng'anjo, kuthamangitsamo mphepo yonse, n'kulowetsamo mpweya wina wa m'silinda, mpweya wanjala, umene umakwatula okosijeni. Pakatentha, mpweyawo umazula ka okosijeni apa, kena uko, n'kusiya mipando yopanda anthu m'mzinda uja. Mpando uliwonse wotero umakhala ngati mwala woponda pakati pa mtsinje: timphamvu tija timawoloka podumpha kawiri, ndipo kuwala wamba kumakwanitsa kutikankha. Pamipata yomweyonso ndi pamene utoto umadzakhala, n'kugwidwa. Koma muyezo ndiye nkhani. Mukazula ochepa, palibe chosintha. Mukazula ochuluka, miyala yoponda ija imasanduka mbuna, timphamvu tonse timagweramo, ndipo ufa wafa.

Miyezi itatu ankatseka mipata. Tsopano aitsegule dala, ndi manja ake?

Komabe anayesa ndi supuni imodzi. Anaiika m'ng'anjo, anatchera wotchi maola anayi, n'kutuluka panja, chifukwa sanafune kuona ufa wake ukuda. Pobwera anapeza wakuda bii ngati makala. Anauyesa padzuwa: palibe kanthu.

Tsiku lina anaikamo supuni yachiwiri. Ulendo uno mantha anamugwira. Mphindi makumi awiri zokha, "Zimitsani, zimitsani!" Unatuluka uli mbee ngati poyamba, waulesi ngati poyamba.

A Zingani anagogoda kampimo ka pasilinda ndi chikhadabo.

"Mpweya watsala wootchera kamodzi, mayi. Silinda ina ifika patatha masabata atatu."

Kunatsala masiku anayi. Ndipo thanki la pashedi silikanayera ndi supuni. Linkafuna botolo lonse.

Taimvetsani bwino mphambano imene anaimapo. Akausunga ufa wake, ukhala woyera mpaka kalekale. Alendo obwera kuntchito azidzausirira, zithunzi za m'kati mwake azidzazipachika pakhoma, koma pashedi ya azakhali ake padzakhala loko. Akauika wonse pamoto, mwina ugwira ntchito. Mwinanso utuluka makala, ndipo adzakhala wopanda ufa woyera, wopanda madzi oyera, loko ali pomwepo.

Ataweruka anapita kushedi. Anapeza azakhali ake atakhala pamphasa, nsalu yatsopano yoyera ili pamiyendo, akuimanga mfundo ndi ulusi. Anakhala pambali pawo, khoti loyera lija lili pafumbi, nawafotokozera zonse. Za nyale, za mipando, za supuni yakuda ndi supuni yoyera.

Anasibeko anamvetsera, ulusi uli kumano. Atamaliza mfundo anakweza nsalu ija.

"Iwe, nsalu iyi yayera eti?"

"Yayera, azakhali."

"Ilibe banga. Ndiye tiye ukaiyale pamsika ili chonchi, tione amene aime. Anthu aziti kwagwa maliro." Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka. "Ine zaka zonsezi ntchito yanga ndi yoononga nsalu zoyera, mwanawe. Unakulira zimenezo."

"Nanga ikakhalitsa mumgolo?"

"Imada yonse, maluwa osaoneka. Ndatayapo zingapo."

"Ndiye mumadziwa bwanji kuti yakwana? Mumatchera mphindi zingati?"

"Mphindi? Ndili ndi wotchi ine? Sindichokapo basi. Ndikaviika, ndimaima pamgolo pomwepo, maso ali pansalu. Wina andiitane, mwana alire, mbuzi ilowe m'shedi, ine phee. Iwe supuni yako yakudayo, unali kuti pamene inkada?"

"Ndinali panja."

"Aa! Dokotala wathunthu!"

M'mawa mwake Dokotala anafika kuntchito anthu asanasese. Anakhuthula botolo lonse m'timbale tadothi tootcheramo, osasiyako ngakhale kachikumbutso. A Zingani analowetsa timbale m'paipi, anatseka, dzanja lili pa switchi.

"Mwatsimikiza, mayi?"

"Ayi. Yatsani."

Paipi ya ng'anjoyo inali ndi kagalasi kumapeto, kosuzumira. Dokotala anakoka sitululu n'kukhala pomwepo. Wotchi anaivula n'kuiika m'thumba. Ola loyamba ufa unali mbee, ngati sukumva kanthu. Kenaka unayamba kuchita ngati mtambo wopyapyala. Mtima wake unati zimitsa. Iye anagwira sitululu ndi manja awiri. Anzake anamuitana kukamwa tiyi, sanacheuke. Lamya inalira m'thumba mpaka inatopa. Thukuta linatsika m'khosi mwa khoti. Ufa unafika ngati nthenga za njiwa. Unapitirira pang'ono, n'kufika ngati mtambo wa mvula yoyamba, uja umaima pamwamba pa phiri anthu n'kuyamba kuanula zovala.

"Pomwepo," anatero. "Zimitsani moto, mpweya usiyeni uziyenda mpaka uzizire."

Pamene ng'anjo inkamaliza kuzizira, muvi wa kampimo kaja unali utagona pansi. A Zingani anayang'ana ufa wotuwawo, anakanda pamene pankayenera kukhala nsidze.

"Kukongola ndiye kwapita," anatero.

Tsiku loyamba la Okutobala linacha lopanda mtambo. Amayi onse khumi ndi awiri analipo, ena ndi ana ndi zidzukulu. A Kachingwe analipo, bakha wina woyera ali m'khwapa. Mkulu wa zaumoyo anafikanso, chikwama chake chikulemera mbali imodzi, ndipo aliyense anadziwa chimene chinali m'menemo.

Dokotala anatsegula botolo. Amayi anasuzumira, n'kuyang'anana.

"Eee," anatero mmodzi, "uwu si mgaiwa wopserera uwu?"

"Phulusatu ndili nalo kwathu lambiri," anatero a Kachingwe. "Mukanangonena, Dokotala, ndikanabwera ndi wilibala."

Dokotala anaimirira pakati pawo, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

"Amayi, ulendo uja ndinalakwa. Ndinakubweretserani ufa wokongola. Uwu ndauononga dala. Ndinaubweza pamoto, ndauchotsa zina m'kati. Ngati ndaononga mopitirira, tiona limodzi."

Anathira ufa m'thanki, Anasibeko n'kutakasa ndi thabwa lija. Kenaka Dokotala anatunga madzi osakanizawo m'kabotolo kamodzi, anakaika pansi m'shedi, n'kukavundikira ndi beseni.

"Nanga ako n'kachiyani?" anafunsa azakhali ake.

"Kasiyeni kagone kaye."

Tsiku limenelo palibe anaviika nsalu. Amayi anakhala m'mbali mwa thanki akusenda mtedza, maso ali pamadzi. Cha m'ma teni madzi anali adakali buluu, ndipo mtedza unkasendedwa mwakachetechete. Cha m'ma leveni mayi wina anati, "Kapena ndi maso angawa?" Sanali maso ake. Madzi anali atafanana ndi thambo. Dzuwa litafika paliwombo anali ngati diresi yabuluu imene yavalidwa ndi ana atatu motsatizana. Wina anayambitsa nyimbo, ena n'kuilandira, Anasibeko akutakasa motsata nyimboyo. Cha m'ma thuu analeka kutakasa, ufa unadikha, ndipo munthu ankatha kuona pansi pa thanki: kamng'alu ka simenti, ndi ndolo imene mayi wina anataya sabata yatha n'kunamizira mnzake.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika, moti ogulitsa tomato anabwera akuthamanga poyesa kuti kuli chinkhoswe.

Mkulu wa zaumoyo anaviika timapepala take toyezera, anayang'ana, anatunganso madzi m'botolo kuti akawayeze bwino kuofesi. Kenaka anasisita chikwama chake.

"Loko ndinabwera naye," anatero. "Akaperekeze ine pobwerera."

A Kachingwe anati iwo timapepala satidziwa, ali ndi woyeza wawo. Madzi atatsegulidwa kulowa mu ngalande, anamuikamo bakha uja. Bakha anasamba, anamira mutu, anakupiza mapiko, natuluka woyera monga analowera.

"Anasibeko, kasitomala uyu akudandaula," anatero a Kachingwe. "Akuti mwaleka kutchena anthu."

Phokoso litachepa, Dokotala anaitana azakhali ake m'shedi navundukula beseni lija. Kabotolo kaja kanali buluu, ngati m'mawa.

Anasibeko anakakweza m'mwamba. "Ufa womwewo?"

"Womwewo, azakhali."

"Madzi omwewo?"

"Omwewo."

"Ndiye kunjaku wachapa ndani?"

Dokotala analoza kumwamba, kumene dzuwa linkalowa pa kaboo ka lata.

Tsopano ng'ombe zanu zija khalani nazo, chifukwa yankho mwaliona likufika. Wa mano onse uja ndi ufa woyera. Wogululidwa dzino ndi ufa wotuwa. Wochapa ndi dzuwa.

Abale ndi alongo anga, ambirife timabwera kwa Mulungu ngati ufa woyera. Mipando yonse m'mtima mwathu ili ndi eni ake: apa pakhala nzeru zanga, apa mbiri yanga yabwino, apa mawu anga a kwaya, apa "ine sindinalakwepo". Pansi pa nyale ya Lamulungu m'mawa timaoneka ogwira ntchito zedi. Koma tatiikani padzuwa wamba la Lolemba, pamzere wa pachigayo, m'kalasi, pakhomo pamene mlongo wathu watibera sopo. Madzi ali buluu! Kuwala kwa Mulungu kumafika, kumagogoda, kumapeza m'nyumba modzaza, n'kutipatsa moni.

Ndipo alipo ena pano amene ali ndi mpando wopanda munthu. Wina anabwereza kalasi, anzake akupita. Wina amachita chibwibwi, ndiye amakhala kumbuyo. Wina kwawo kuli mpando weniweni, wamatabwa, umene mwini wake sadzakhalaponso. Mumaubisa mpata umenewo. Mumati, ndikanakhala wamphumphu, Mulungu akanandigwiritsa ntchito. Ine ndikuti, pamene mukubisapo ndi pomwe pali khomo. Amene anabwereza kalasi ndiye amadziwa chonena kwa mwana amene akulira kuseri kwa sukulu. Wamphumphu uja amangodutsa, chifukwa alibe poti misozi ya mnzake ikhale.

Musaiwale kabotolo ka pansi pa beseni. Mpata pawokha suchapa kanthu. Mukauvundikira, mukhala otuwa, madzi n'kukhalabe abuluu. Wochapa ndi kuwala. Chathu n'kutuluka nawo mpatawo panja.

Komanso wina asachoke pano n'kukadzigulula mano yekha, ati wamva kutchalitchi. Kumbukirani supuni yakuda. Kudziononga si mpata, ndi mbuna. Muyezo si wathu. Ndipo nkhani yokoma ndi iyi: Iye amene amatilola kubwerera pamoto satchera wotchi n'kutuluka panja. Amakoka sitululu. Amakhala pakagalasi, maso ali pa inu, ndipo amadziwa mtundu umene adzanenere kuti, "Pomwepo."

Madzulo a tsiku lija, amayi akuyala nsalu zatsopano pazingwe, Dokotala anakhala m'mphepete mwa thanki akufotokozanso za ng'anjo kwa aliyense wofuna kumva, mwinatu kachisanu. A Zingani anali atafika, akudya mtedza wa eni ake. A Kachingwe ankakangana ndi Anasibeko za amene adzasambitse bakha wabuluu uja. Pamenepo kamtsikana kena ka zaka zisanu, kadzukulu ka mmodzi wa amayiwo, kopanda mano awiri akutsogolo, kanasuzumira m'thanki nthawi yaitali, kakuyang'ana ufa wotuwa uli phee pansi pa madzi. Kenaka kanakoka khoti la Dokotala. Mawu ake anali okweza, moti a Zingani analeka kutafuna, ndipo mkangano wa bakha unaima pakati.

"Anti, musanaubweze pamoto paja, ufawo munaufunsa?"